Lembani Zimene Mwaona

Ophunzira a chaka choyamba ankamutcha Mayi Mzere Umodzi, koma pamaso pake ankangoti Madamu. Dzinalo linachokera pa pepala la malamulo a mu labu, pamene panali lamulo lakuti munthu akalakwitsa polemba asafufute, asang'ambe tsamba, angodula ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chizionekabe. Pepalalo analemba yekha zaka khumi ndi zinayi zapitazo, atangoyamba kuphunzitsa kemisitiri pa kolejipo. Chaka chilichonse ankaliwerenga mokweza pa tsiku loyamba, malamulo onse khumi ndi atatu, ataima pafupi ndi sinki yayikulu ya kutsogolo.

Chaka chino analiwerenganso ataima pomwepo, koma pakamwa pokha ndi pamene pankagwira ntchito. Kutatsala masabata atatu kuti koleji itsegulidwe, mwamuna wake anagwa m'bafa Lamulungu m'mawa, sopo akadali kumutu. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo pakamwa panatsekeka. Munthuyo ntchito yake inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo anali wolongolola moti apongozi ankati anayamba kuyankhula asanamere mano. Tsopano ankangoyang'ana kudenga. Madokotala anati mawu akhoza kubwerera, akhozanso osabwerera.

"Loyamba," anatero mayiyu kwa ophunzira makumi awiri ndi anayi amene anakhala awiriawiri pa matebulo aatali. "Magalasi oteteza maso muzivala musanalowe, muzivula mutatuluka. Mulungu anakupatsani maso awiri okha, ndipo m'kabati yathu mulibe ena osinthira."

Ophunzira anaseka. Nthabwalayo inkabwera pamenepo chaka chilichonse, ndipo inabweranso yokha. Iye anamva kusekako ngati kukuchokera m'chipinda china.

Anapitiriza. Nsapato zotseka zala. Malaya oyera omangidwa mabatani onse. Tsitsi lalitali limangidwe. Mu labu sadyamo, samweramo, ndipo salawa kanthu ngakhale katamaoneka ngati shuga. Wochedwa ndi mphindi khumi apeza chitseko chotseka. Wojomba katatu walephera phunziro lonse. Ntchito ya mu labu sibwerezedwa. Zonse zilembedwe ndi bolopeni m'buku losokedwa, nthawi yomweyo, osati pa chikhatho kapena pa kapepala.

"Lachisanu ndi chinayi. Lembani zimene mwaona, osati zimene mumayembekezera kuona. Wopeka manambala apatsidwa ziro, ndipo dzina lake lipita ku komiti yoona za khalidwe."

Pa tebulo lakumbuyo panakwera dzanja. Linali la bambo wina wa imvi zingapo m'ndevu, wamkulu kuposa anzake onse ndi zaka mwina makumi awiri. Anali atagwira ntchito nthawi yaitali m'sitolo yogulitsa mankhwala, ndipo anabwerera ku sukulu kuti apeze pepala. Tsiku lomwelo anzake anali atamupatsa kale dzina lakuti Malume.

"Madamu, pepani. Nanga zimene ndaona zikatsutsana ndi buku?"

"Mulembe zimene mwaona."

"Ngakhale bukulo litalembedwa ndi mapulofesa?"

"Mapulofesawo sanalipo pa tebulo lanu."

Kalasi inasekanso. Iye anatembenuza pepala, namaliza malamulo otsalawo, ndipo aliyense anasaina kumunsi kuti wamva.

Kunyumba anali atasamutsira bedi pabalaza chifukwa njinga ya odwala sinkakwana pa chitseko cha kuchipinda. Masana wodwalayo ankakhala ndi mayi ake omubereka, amene anabwera ndi chikwama chimodzi n'kukana kubwerera, komanso ndi mchemwali wake, amene ankafika m'mawa n'kuchoka dzuwa likupendeka. Mayi Mzere Umodzi akaweruka ankavula nsapato, kusamba m'manja mpaka m'zigongono ngati akadali mu labu, n'kulandira ntchito. Ankamupukuta mwamuna wake ndi kansalu ka madzi ofunda, kumudzoza mafuta kumsana kuti asatuluke zilonda, kumutembenuza, kumumwetsa mapiritsi ophwanyidwa pa supuni. Zonsezi ankazichita bwino kwambiri, ndipo pa khoma anamatapo pepala la nthawi ya mankhwala lolembedwa mwaukhondo.

Chimene sankachita ndi kulira. Apongozi anamuyang'ana masiku angapo, kenako anayankhula.

"Mwananga, lirani. Misozi mukaisunga imasanduka matenda. Ine ndalira mpaka maso atupa, inu muli gwa ngati chitsa."

"Ndamva, amayi."

"Mwamva chiyani?"

"Ndilira."

Ananena ngati akulonjeza kuti akagula mchere pobwera. Sikuti ankadziletsa. Akafufuza mumtima ankangopezamo zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ukautsina umamva kuti watsina koma osamva kuwawa.

Patatha masabata anayi inakwana nthawi ya ntchito ya viniga. Ntchitoyi ndi yophweka. Wophunzira amathira viniga pang'ono m'kabotolo, n'kudonthezamo mankhwala osintha mtundu. Kenako amatsegula kampopi ka byureti, limene ndi chubu chagalasi chachitali chokhala ndi mizere yoyezera, kuti madzi a soda azidontha pang'onopang'ono mpaka za m'kabotolo zitasanduka zapinki. Akawerenga kuchuluka kwa madzi a soda amene alowa, amawerengetsera mphamvu ya viniga. Pa botolo la vinigayo panalembedwa kuti asidi wake ndi magawo asanu pa zana, ndipo aliyense ankatha kuwerenga zimenezo, chifukwa botololo linkakhala pa tebulo lakutsogolo.

Bambo amene ankakonza mankhwala a mu labu anali atapuma pa ntchito, ndipo wolowa m'malo mwake anali asanalembedwe. Choncho Lolemba masana mayiyu analowa yekha m'kachipinda ka mankhwala kukasungunula soda wa chigubu cha malita khumi. Kambale ka pa sikelo kanali kakang'ono, ndiye soda wa chigubu chonse ankayezedwa kawiri. Anayeza koyamba, nathira m'chigubu. Pomwepo foni inalira m'thumba. Anali mlamu wake.

"Alamu, achimwene akukana kudya. Aluma mano. Amayi ayesa, ine ndayesa, akungotiyang'ana."

"Kuyambira nthawi yanji?"

"Kuyambira m'mawa. Ngakhale madzi."

"Ndikubwera."

Anabweza foni m'thumba, nathira madzi m'chigubu mpaka pa mzere, nakhutchumula, namatapo chizindikiro chosonyeza mphamvu yake. Soda wachiwiri sanayezedwe. Mwa nthawi zonse akanatapako pang'ono n'kuyesa yekha asanapatse ophunzira, koma tsiku limenelo anakhoma chitseko n'kupita kukakwera basi. Atafika anapeza mwamuna wake atayamba kale kumeza, apongozi akumudyetsa uku akumukalipira ngati mwana.

Lachiwiri mu labu munkanunkha viniga. Zaka zonse iye ankayendayenda pakati pa matebulo, kuwongola byureti yopendekeka, kugogoda tebulo la amene wakweza magalasi pamphumi. Tsiku limeneli anakhala pa mpando wakutsogolo, manja pa miyendo. Ankaona milomo ikuyenda, mitu ikugundana, wina akuchoka pa tebulo lake kukasuzumira kwa anzake. Mtsogoleri wa kalasi, mnyamata wochangamuka wovala wotchi yaikulu, anabwera kudzapempha madzi a soda ena chifukwa anali atatha msanga. Iye analoza chigubu. Sanafunse kuti atha bwanji msanga chotero. Belu litalira analandira mabuku, nawaunjika, nakhoma labu.

Anachonga mabukuwo Lachinayi pa nthawi ya chakudya chamasana, mu ofesi yake yopapatiza imene zenera lake linkayang'ana khoma la nyumba ina. Magulu asanu ndi anayi anapeza magawo asanu, ena kupitirira pang'ono, ena kuperewera pang'ono. Anawachongera bwino. Magulu atatu anapeza magawo khumi. Kwa amenewa analemba ndi inki yofiira kuti awerengenso malangizo, nawapatsa malikisi atatu pa khumi. Dzanja linkayenda lokha.

Sabata lotsatira, mayiyu atabweza mabuku, Malume anagogoda pa ofesi. Analowa atanyamula buku lake ndi manja awiri, naima mpaka atauzidwa kuti akhale.

"Madamu, sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kudzafunsa pamene ndinalakwitsa."

"Viniga uja ndi wa magawo asanu. Inu mwapeza khumi."

"Ndaona. Koma onani apa." Anatsegula bukulo. Manambala anali m'mizere yowongoka, olembedwa ndi dzanja la munthu wozolowera kulemba za m'sitolo. "Malangizo amati tichite katatu. Ife tinachita kanayi, chifukwa mnzanga uja ankati mwina ndine wokalamba, maso akundinamiza. Koyamba mamililita makumi anayi. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anawerenga iyeyo. Kachinayi tinatsuka zonse n'kuyambiranso. Buku likuti zikanathera pa makumi awiri."

"Mwina munathira viniga wambiri."

"Kanayi konse, Madamu? Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuthirira anthu mankhwala a chifuwa m'mabotolo. Zambiri sindidziwa, koma mzere wa pa galasi ndimautha." Anatseka bukulo. "Kodi madzi a soda aja anatsalako?"

Anali atatsala pansi pa chigubu. Anapita onse awiri ku labu, imene inali yopanda anthu, mipando itakwezedwa pa matebulo. Mayiyu anavala magalasi, ndipo Malume anatulutsa ake m'thumba osauzidwa. Mayiyu anadzaza byureti, nayeza viniga, natsegula kampopi. Madzi anatsika kudutsa pa makumi awiri, za m'kabotolo zili mbee. Anadutsa pa makumi atatu. Atayandikira makumi anayi anachepetsa, dontho limodzi, lina, kenako mtundu wapinki unabwera n'kukhazikika.

Anaima akuyang'ana kabotoloko. Kenako anakumbukira kambale ka pa sikelo, ndi foni, ndi mawu a mlamu wake. Anakumbukira kuti kambaleko anakatsuka atakagwiritsa ntchito kamodzi kokha. Madzi a soda anali ndi theka la mphamvu imene iye analemba pa chigubu, n'chifukwa chake ankalowa ochuluka kawiri. Aliyense amene anachita ntchitoyo moona anayenera kupeza khumi. Anayembekezera kuti manyazi amugwira, kapena mantha, koma sizinabwere. Anangoona kuti dzanja lake lagwirabe kampopi, ndipo analichotsa.

"Ndinalakwitsa ndine," anatero. "Soda ndinathira theka."

"Zimachitika, Madamu."

"Nanga anzanu aja magawo asanu anawapeza bwanji?"

Malume anavula magalasi, nawapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. "Madamu, ine ndimayang'ana byureti yanga."

Sanamufunsenso. Atabwerera mu ofesi anatenga mndandanda wa mayina n'kuwerenga. Anthu khumi ndi asanu ndi atatu anali ataona makumi anayi n'kulemba makumi awiri.

Mkulu wa dipatimenti anali bambo wonenepa, wokoma mtima, amene ankadana ndi misonkhano kuposa china chilichonse. Anamvetsera nkhani yonse akuzunguza bolopeni pa tebulo, ndipo itatha anapumira m'mwamba.

"Mayi, madzi akatayika saoleka. Tingochotsa ntchito imeneyi pa malikisi a teremu ino, tinene kuti mankhwala anali owonongeka, basi. Mankhwala amawonongeka, ndani angatsutse?"

"Sanawonongeke, abwana. Ndinayeza theka."

"Ndamva, koma zimenezo mwauza ine. Taganizani. Ana khumi ndi asanu ndi atatu ku komiti, aliyense ndi kalata yake, aliyense ndi tsiku lake lomuzenga. Makolo ayamba kuimba mafoni. Ndipo komiti ikafunsa kuti zinayamba bwanji, dzina loyamba kutchulidwa ndi lanu. Inu mukudutsa m'zowawa, tonse tikudziwa. Bambo ali bwanji kunyumba?"

"Ali chomwecho."

"Mwaona? Musadzisenzetse katundu wina."

"Lamulo lachisanu ndi chinayi likuti wopeka manambala apatsidwe ziro."

"Malamulowo munalemba ndinu, mayi, sanatsike nawo Mose m'phiri." Anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha anasiya. "Chabwino. Kalasi ndi yanu. Koma mukalemba lipoti, ine sindingalibise m'dirowa. Lipita kumene limapita."

"Ndamva, abwana."

Potuluka anadzifunsa ngati akuchita zimenezi chifukwa cha chilungamo. Mwina kunali kungoti kunama kumafuna mphamvu, munthu azikumbukira zimene wanena ndi amene wawauza, ndipo iye mphamvu imeneyo analibe. Pepala la malamulo linalipo kale, lolembedwa, losainidwa. Kulitsata kunali ngati kuyenda mu msewu umene mapazi akuudziwa.

Lachiwiri ophunzira analowa atavala magalasi awo, napeza matebulo opanda zipangizo. Pa bolodi panalembedwa manambala awiri, 20 ndi 40. Mayiyu anadikira kuti onse akhale.

"Madzi a soda amene munagwiritsa ntchito pa viniga ndinasungunula ndine, ndipo ndinalakwitsa. Ndinathira theka la soda, komanso sindinawayese ndisanakupatseni. Ndawayesa tsopano. Palibe byureti m'chipinda muno imene inaima pa makumi awiri. Zonse zinafika pa makumi anayi. Anthu asanu ndi mmodzi analemba zimenezo, ndipo ine ndinawalanga. Enanu munalemba zimene simunaone, ndipo ndinakuchongerani."

Mpopi wina wosatsekeka bwino unkadontha m'sinki. Ena anawerama, ena anayang'ana kwa Malume, amene ankayang'ana zikhadabo zake.

Mtsogoleri wa kalasi anaimirira, akukonza wotchi yake.

"Madamu, ndiyankhuleko m'malo mwa anzanga. Sitinafune kuba. Botolo linalembedwa kuti asanu. Buku likuti asanu. Ife kuyambira ku pulayimale timadziwa kuti yankho likasiyana ndi la m'buku, wolakwa ndiwe. Tinaona ngati manja athu ndi amene akulakwitsa, ndiye tinangogawa pakati."

"Nonse munagwirizana?"

"Ayi, Madamu. Wina anayamba, ena anaonera. Mukudziwa mmene zimakhalira."

Asanakhale pansi, mtsikana wina wa pa tebulo lachiwiri anayankhula osakweza dzanja. Anali wamng'ono thupi, wachete, woti teremu yonse anali asanamvekepo mawu.

"Ine ndinakuitanani, Madamu. Katatu. Kachitatu ndinabwera mpaka pa tebulo lanu, ndinati Madamu, zathu sizikusintha mtundu. Munandiyang'ana, koma simunandione. Ndinaima pamenepo mpaka ndinachita manyazi, ndiye ndinabwerera."

Mayiyu anamuyang'ana mtsikanayo. Anayesa kukumbukira nkhopeyo itaima patsogolo pake tsiku limenelo, koma m'mutu munalibe kanthu, ngati tsamba limene silinalembedwepo. Anadziwa kuti mwanayo sakunama.

"Ndi zoona," anatero. "Sindinakuoneni. Pepani."

Mtsikanayo anayamba kulira mwakachetechete, misozi ikudzaza m'magalasi, ndipo sanawavule chifukwa anali mu labu.

"Zikhala motere," anapitiriza mayiyu. "Asanu ndi mmodzi aja malikisi awo ndakonza. Enanu pa ntchito imeneyi mwapeza ziro, monga munasainira. Mayina anu sindiwapereka ku komiti. Kumeneko kupita langa, chifukwa ndinakupatsani mankhwala olakwika, ndipo mutandifuna sindinapezeke. Pamenepa ndatsata theka la lamulo, theka lina ndaswa, ndipo zimenezonso ndilemba m'lipoti. Amene akuona kuti ndamulakwira ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya abwana."

"Koma Madamu, ziro?" anatero wina kumbuyo. "Inu mwalakwitsa, ife tilangidwe?"

"Ine ndinalakwitsa poyeza. Inu munalakwitsa polemba. Aliyense asenze wake."

Panamveka kung'ung'udza, wina anatsonya, koma palibe amene anatuluka. Anawauza kuti atsegule mabuku, aliyense alembe pansi pa ntchito ija nambala imene anaiona ndi maso ake ngati akuikumbukira, ndi tsiku. Ambiri ankaikumbukira. Ola lotsalalo anawaphunzitsa mmene munthu amayesera madzi a soda asanawakhulupirire, phunziro limene pa ndondomeko linali la chaka chachiwiri.

Lipotilo analemba tsamba limodzi ndi theka, mopanda kudzichepetsa kapena kudziteteza, ngati akufotokoza za munthu wina. Ophunzira atatu anakadandauladi kwa abwana, ndipo anauzidwa kuti ziroyo ikhala. Pasanathe sabata anamva m'khonde kuti dzina lake lasintha. Tsopano ankamutcha Mayi Theka. Mnzake wophunzitsa masamu ndi amene anamuuza, akuyembekezera kuti akwiya kapena aseka, koma iye anangoti dzinalo ndi lalifupi, lisavuta kutchula.

Komiti inamuitana patatha masabata awiri. Anthu anayi anakhala kuseri kwa tebulo lalitali, botolo la madzi patsogolo pa aliyense. Anamufunsa mafunso ochepa, mwaulemu, ena akupewa kumuyang'ana m'maso. Mayi wina wachikulire wa mu komitiyo anafunsa ngati chigubucho chikanakhala cha asidi wamphamvu, ndipo cholakwikacho chikanakhala chowonjezera osati chochepetsa, zikanatha bwanji. Iye anayankha kuti mwana wina akanapsa. Anamupatsa kalata ya chenjezo, namulamula kuti apume mwezi wathunthu. Za ophunzira aja komiti inati ziro yakwana. Kalasi anaipereka kwa mphunzitsi wina wachinyamata, amene anabwera kudzatenga makiyi akupepesa ngati walanda ndi iye.

Pa tsiku lomaliza, akutuluka pa geti ndi katoni ya mabuku, anakumana ndi Malume.

"Madamu, ndamva. Ndikanadziwa kuti zifika pamenepa, mwina ndikanangokhala ndi malikisi anga atatu aja."

"Mukanalakwitsa."

"Kaya. Anzanga ena sakundiyankhula. Akuti ndine mfiti ya m'kalasi." Anaseka pang'ono. "Ndamvanso kuti bambo sali bwino kunyumba. Ine mayi anga anagona zaka zitatu ndi matenda omwewo. Muziwayankhula, Madamu. Amamva. Mayi anga atayamba kuyankhula anatibwezera zonse zimene tinkawanena tili pambali pa bedi."

"Anachira?"

"Pakamwa pokha. Koma pakamwapo panatikwana."

Anamunyamulira katoniyo mpaka pokwerera basi, natsanzika. Pa mapeto a teremu Malume anakhoza, mtsikana wa pa tebulo lachiwiri uja anakhozanso, ndipo awiri mwa khumi ndi asanu ndi atatu aja analephera ndi malikisi ochepa, oti ziro ija ikanapanda kukhalapo akanadutsa. Zimenezi mayiyu anazimva pambuyo pake, pa foni.

M'mawa woyamba wa tchuthi chokakamizacho anadzuka nthawi yake ya masiku onse, nasamba, navala, kenako anakumbukira kuti palibe kumene akupita. Apongozi anati popeza alipo, iwo apite ku chipatala akaonetse mawondo awo amene anali atatupa kwa mwezi, ndipo mlamu wake anawaperekeza. Chitseko chitatsekedwa, anatsala awiri. Chigwereni mwamuna wake m'bafa muja, anali asanakhalepo naye yekha masana.

Anakoka mpando kufupi ndi bedi. Kuwala kwa pa zenera kunagwera pa bulangete, ndipo anaona kuti tsitsi la mwamunayo lakula mpaka kuphimba makutu. Sanadziwe poyambira, ndiye anayambira pa chigubu.

"Abambo, ku ntchito ndalakwitsa," anatero. "Ndinayeza soda kamodzi m'malo mwa kawiri."

Maso a mwamunayo anachoka kudenga n'kubwera kwa iye. Anamufotokozera zonse mwa ndondomeko yake, za foni, za mabuku, za abwana ndi Mose wawo, za mtsikana amene anaima patsogolo pake osaonedwa. Mawu ake ankatuluka osakwera, osatsika. Asanafike pa za komiti anaona kuti zikope za mwamunayo zatsika, ndipo mpweya ukutuluka pang'onopang'ono pa mbali ya pakamwa imene inapindika. Anamalizabe nkhaniyo mpaka pa kalata ya chenjezo. Kenako anatsamira khoma kuti apumitse khosi pang'ono.

Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, khosi lili gwa, mwendo umodzi utachita dzanzi. Apongozi anali atabwerera kalekale. Iwo ndi mlamu wake anali atasintha nsalu za pa bedi, atamumwetsa wodwala mankhwala a masana, atakolopa pansi mozungulira mpando wake, osamudzutsa.

"Mwagona ngati mwana wobadwa dzulo," anatero apongozi ali pa khomo la khitchini, mawondo atakulungidwa mabandeji. "Mlamu wanuyu amafuna akudzutseni, ine ndati amene amukhudze aona. Chakudya chili pa mbaula."

"Mawondo akuti bwanji ku chipatala?"

"Akuti ndi ukalamba. Ndapita ulendo wonse uja kuti akandiuze zimene ndikuzidziwa."

Analowa m'khitchini akutsimphina, navundukula poto. Anadya ataimirira, mbale ili m'manja, akuyang'ana zovala zimene zinayanikidwa pa chingwe panja, mpaka mbaleyo inayera. Anaitsuka, naivundikira pa thandala. Pabalaza mlamu wake anaitana kuti nthawi yotembenuza achimwene yakwana, ndipo pakufunika anthu awiri. Anapukuta m'manja n'kupita kukagwira kumapewa.